Kuchokera ku Linga mpaka pa Likoma: ulendo wanuwanu muukonze bwanji?

Anthu ambiri amaidziwa Nkhotakota ali pawindo la basi. Amaima pang'ono pa boma, n'kugula mpunga wa faya ndi usipa wouma, kenako ulendo wa ku Mzuzu kapena ku Salima. Chonsecho m'boma lomweli muli nkhalango ya makilomita 1,800 m'mbali zonse momwe njovu zabwereramo, muli doko lomwe linali limodzi mwa misika ikuluikulu ya akapolo pa nyanja yathu, ndipo kutsidya kwa madzi kuli chilumba cha Likoma ndi tchalitchi chake chachikulu. Banja, gulu la anzako a kuntchito kapena abale ochokera ku Joni akhoza kuziona zonsezi pa ulendo umodzi wa iwo okha, wopanda kuthamangitsidwa ndi basi ya alendo. Funso ndi lakuti ulendo woterewu umakonzedwa bwanji kuti ndalama ndi masiku zisapite pachabe.

Yankho langa lili pawiri. Choyamba, mbiri ya ku Linga (pa gombe la tauni ya Nkhotakota), njovu za m'nkhalango ndi tchalitchi cha pa Likoma ndi nkhani imodzi, ndipo woyenda nazo motsatana amamva zambiri kuposa wongodumphadumpha. Chachiwiri, masiku a ulendowu sakonzedwa ndi kalendala ya kuofesi kwanu. Amakonzedwa ndi sitima ndi mphepo.

Tiyambe ndi nkhaniyo. Cha m'zaka za m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah anafika pa gombe lino kuchokera ku mbali ya Zanzibar, nakhazikika pakati pa Achewa a m'dera la mfumu Malengachanzi. Iye ndiye Jumbe woyamba, ndipo omulowa m'malo anapitiriza dzinalo. Chomwe anaona pa Nkhotakota n'chakuti pali kagombe kotetezeka ku mafunde, komanso njira yolowera kumtunda, ku Kasungu mpaka ku chigwa cha Luangwa, komwe kunali njovu zosawerengeka. Minyanga inkatsika ndi njira imeneyo itasenzedwa pamitu ya anthu, ndipo anthu osenzawo nawonso anali katundu. Akafika pa gombe ankawakweza m'ngalawa zoyendera mphepo kuwolokera tsidya la kum'mawa, kenako ulendo wapansi wa miyezi kupita ku Kilwa. David Livingstone anadutsa m'derali mu 1861 ali pa boti, nabweranso mu 1863, ndipo zomwe analemba za malondawa ndi zina mwa zomwe zinautsa amishoni ku Britain. Sanathe kumuletsa Jumbe. Malondawo anapitirira zaka zina pafupifupi 30. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anachita pangano ndi Jumbe wachitatu mu 1889, ndipo Jumbe ameneyu atamwalira mu 1894, womulowa m'malo sanakhalitse: atsamunda anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar.

Tsono apa mpofunika kunena mosabisa. Mukapita ku Linga mukuyembekezera malinga a miyala ngati a ku Zanzibar kapena ku Ilha de Moçambique, mukakhumudwa. Zooneka ndi maso n'zochepa: mkuyu womwe anthu amati Livingstone anakhala pansi pake, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, manda akale, malo a mzikiti, gombe lenilenilo. Mbiri ya Nkhotakota yakhala kwambiri m'miyoyo ya anthu kusiyana ndi m'makoma. Ili mu Chisilamu chomwe chinazika mizu pakati pa Achewa a kuno, chinthu chosowa m'madera ena a Achewa. Ili m'madimba a mpunga, m'mitengo ya kokonati, m'maina a mabanja. Choncho pa tsiku la ku Linga, ndalama yofunika kwambiri ndi ya munthu wokuyendetsani. Mpezeni wobadwira konkuno, ndipo ngati n'kotheka mumve mbali ziwiri, wina wa ku mzikiti ndi wina wa ku tchalitchi, chifukwa dzina la Jumbe silimveka chimodzimodzi m'makomo onse. Kwa ena ndi wogulitsa anthu, kwa ena ndi amene anabweretsa chipembedzo cha makolo awo, ndipo zonse ziwirizi n'zoona. Pali mabanja omwe makolo awo anali ogwira, ena anali ogwidwa, ndipo lero amakwatirana. Mlendo afunse mwaulemu, asafike ndi chigamulo m'thumba. Mukafuna kuona manda kapena malo a pamudzi, yambani mwaonekera kwa amfumu, monga mwa mwambo wathu, ndipo azimayi atenge chitenje ndi mpango polowa malo opemphereramo.

Boma la Malawi linapereka njira za akapolo ndi mayendedwe a Livingstone ku UNESCO mu 2011 kuti zidzaganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo Nkhotakota ili pa mndandandawo. Kunena zoona, kasamalidwe ka malowa sikanafike pa mlingo wa ulemu umenewo.

Musachoke pa boma musanalowe m'tchalitchi cha All Saints cha Anglican. Mishoni ya kuno inayamba mu 1894, ndipo m'tchalitchimo ndi momwe munaikidwa Chauncy Maples. Iyeyu anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma ku London mu 1895, koma sanafike pa mpando wake: boti lomwe anakwera linagubuduzika ndi namondwe pa nyanja mu Seputembala chaka chomwecho, iye n'kumira. Sitima yotchuka ya Chauncy Maples, yomwe inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1901, inatchedwa dzina lake. Manda amenewa ndiwo amamangiriza Nkhotakota ndi Likoma, ndipo ndi chenjezo kwa aliyense wochepetsa nyanjayi. Okonda ndale akumbukenso kuti kunali kuno mu 1960 komwe chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu, Dr Kamuzu Banda atangotuluka m'ndende ya Gwelo m'mwezi wa Epulo, ndipo pamsonkhanowo anamupatsa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse. Zambiri zomwe zinadzachitika m'zaka 30 zotsatira zinayambira pa mchenga umenewu. Akasupe otentha a Mawira ali pafupi, ndipo ola limodzi likwanira.

Kuchoka apo, lowani m'nkhalango. Nkhotakota Wildlife Reserve ndi imodzi mwa nkhalango zakale ndiponso zazikulu kwambiri zosungirako nyama m'dziko muno. Kale munali njovu zoposa 1,500, koma pofika 2015 zinali zosakwana 100. Minyanga yomwe inakopa Jumbe ndi yomweyo inakopa opha nyama mozembera a masiku ano. Mu 2015 momwemo bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsira kuno njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamodzi ndi nyama zina pafupifupi 2,000 monga njati, mphalapala, mbidzi ndi njiri. Njovu ankazigoneka ndi mankhwala kuchokera pa helikopita, n'kuzikweza pa magalimoto akuluakulu banja lonse pamodzi, chifukwa njovu yolekanitsidwa ndi abale ake siikhazikika. Inali imodzi mwa ntchito zazikulu kwambiri zosamutsa njovu zomwe zachitikapo padziko.

Koma musapite ndi maganizo a ku Liwonde. Ku Liwonde nyama zimasonkhana m'mbali mwa Shire poyera, ndipo ngakhale waulesi amaziona. Nkhotakota ndi nkhalango yowirira ya mitengo ya miombo, ya mapiri ndi zigwa, ndipo njovu ikhoza kuima mamita ochepa kuchokera pa msewu inu osaiona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wolowa m'mawa n'kutuluka masana, amene amawerenga nyama ngati akuwerenga mbuzi m'khola, adzanena kuti mulibe kanthu. Nkhalangoyi imakoma poyenda pansi ndi mlonda wa mfuti, kutsata mapazi ndi ndowe, kapena kukhala chete m'mbali mwa mtsinje wa Bua dzuwa likupendeka, nthawi yomwe njovu zimatsikira kudzamwa. Mbalame zilipo mitundu yoposa 280. Olimba miyendo akhoza kukwera phiri la Chipata, komwe pamwamba pake pali nkhalango yobiriwira chaka chonse momwe mumakhala anchima. Pa chifukwa chimenechi ndimati mausiku awiri ndiwo ochepetsetsa. Malo ogona alipo a matumba osiyanasiyana, kuyambira Tongole Wilderness Lodge ndi Bua River Lodge mpaka misasa yomanga matenti, ndipo mtengo wolowera pachipata kwa Mmalawi ndi wotsika kuposa wa mlendo wakunja, choncho chitupa chanu chisatsale.

Bua ali ndi chinthu china chomwe ambiri sachidziwa. Mpasa, nsomba yokoma ija, imakhala m'nyanja koma imakwera mitsinje kukaikira mazira pa miyala ya m'madzi oyera. Mitsinje yambiri yadzaza ndi matope chifukwa cha kudula mitengo, ndipo Bua ndi umodzi mwa yochepa yomwe mpasa ikukwerabe, chifukwa mbali ina imadutsa m'nkhalango yotetezedwa. Msodzi wa pa gombe yemwe sanaonepo njovu amadyabe za nkhalangoyi. Komabe si onse okhala m'malire mwake amene amaiyamikira. Funsani mlimi yemwe chinangwa chake chinadyedwa usiku umodzi mpanda wamagetsi utadulidwa, kapena mayi yemwe kale ankatola nkhuni ndi bowa momasuka. Wokuyendetsani wabwino sabisa zimenezi, ndipo ulendo womwe umadutsako pamudzi wa m'malire, kukaona alimi a njuchi kapena kungocheza, umapereka chithunzi chathunthu.

Za thanzi ndinene mwachidule koma momveka. M'nkhalangoyi muli kashembe, ndipo Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma omwe matenda a kaodzera amapezeka. Valani malaya a manja aatali, pewani zakuda ndi zabuluu chifukwa ndizo zimakopa ntchentchezi, ndipo mukayamba kutentha thupi mutabwerera kwanu, muuzeni dokotala komwe munali, asangoganizira malungo okha. M'madzi odekha a mabango mumakhala nkhono za likodzo, komanso ng'ona sizisowa pa mathiriro a mitsinje. Sambani pomwe eni dera akulozerani.

Kummwera kwa boma kuli Chia, thamanda lalikulu lolumikizana ndi nyanja kudzera pa kamtsinje komwe msewu wa M5 umadutsa pa mlatho. Theka la tsiku pa boti m'mamawa likupatsani mbalame zam'madzi, nkhwazi ndi asodzi akuvuula maukonde. Ndi malo abwino opumira pakati pa nkhalango ndi sitima. Amene ali ndi ana akhoza kupatukiranso ku Nkhotakota Pottery kukaumba mbiya.

Tsopano tafika pa mutu weniweni wa makonzedwe, womwe ndi kuwoloka. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951. Imapita kumpoto kamodzi pa sabata n'kubwerera kamodzi. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kufika pa Likoma Loweruka, kupitirira ku Nkhata Bay mpaka ku Chilumba, kenako kudutsanso pa Likoma cha Lachiwiri pobwerera. Tanthauzo lake n'lakuti wodalira Ilala yokha amakhala pa chilumbapo masiku atatu, ndipo akaiphonya amadikira sabata ina. Palibe zoti tigonako usiku umodzi. Komanso Ilala ndi nkhalamba. Imachedwa, nthawi zina imakhala miyezi ili pa doko kukonzedwa, ndipo si nyengo zonse imaima pa Nkhotakota. Ikaima, siifika pa gombe chifukwa madzi ndi osaya: mumapita ndi maboti ang'onoang'ono, nthawi zina usiku, mutakwinya buluku, matumba a ufa ndi nkhuku zili pambali panu. Kwa wachinyamata zimenezi ndi mbali ya chisangalalo. Kwa agogo a zaka 75 kapena mayi wa mwana wakhanda ndi nkhani ina, ndipo wokonza ulendo aganizire zimenezi asanalonjeze.

Njira zina zilipo ziwiri. Mukhoza kuyenda ndi galimoto pa M5 kudutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, mtunda wa pafupifupi makilomita 200, n'kukwera sitima kapena maboti omwe amapita ku zilumba za Chizumulu ndi Likoma kuchokera kumeneko. Ubwino wake ngwakuti Nkhata Bay ali ndi doko lenileni komanso malo osiyako galimoto. Kapena, ngati thumba likulola, pa Likoma pali bwalo la ndege ndipo tindege tating'ono timauluka kuchokera ku Lilongwe. Ena amapita pa madzi n'kubwerera mumlengalenga. Njira iliyonse yomwe mwasankha, imbani foni ku ofesi ya sitima ndi kumalo komwe mukagone sabata yomweyo ya ulendo, musadalire ndondomeko yomwe munaona pa intaneti. Ndipo musaike ndege yobwerera ku Johannesburg kapena tsiku loyamba ntchito mawa lake la sitima. Siyani tsiku limodzi kapena awiri opanda chochita. Boti lodzaza kupyola muyezo, lopanda majekete oyandamitsa, likaneni ngakhale mwachedwa motani.

Likoma ndi kachilumba ka makilomita 18 m'mbali zonse, ka Malawi koma kozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mapiri omwe mumawaona pafupi kum'mawa ndi a ku Cobué m'chigawo cha Niassa. Kuti kakhale ka Malawi n'chifukwa cha amishoni a Anglican a bungwe la UMCA, omwe anakhazikitsa likulu lawo pamenepa m'zaka za m'ma 1880, William Percival Johnson ndi Maples ali patsogolo. Anasankha chilumba pothawa nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo za kumtunda, n'kumafikira midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima. Tchalitchi cha St Peter's anayamba kuchimanga mu 1903 pa malo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo anachipatula mu 1911. Kukula kwake kumadabwitsa pa chilumba chaching'ono chonchi. Muli mawindo a magalasi a mitundu, mipando yosemedwa pa mwala wofewa, ndi mtanda wopangidwa ndi mtengo wa ku Chitambo ku Zambia komwe kunakwiriridwa mtima wa Livingstone. Amene wayamba waima pa gombe la Jumbe ndi pa manda a Maples amalowa m'nyumbayi akudziwa chomwe inamangidwira. Sukulu za mishoni zinachititsa kuti anthu a pa Likoma akhale m'gulu la ophunzira oyambirira m'dziko muno, ndipo ambiri anakagwira ntchito za uphunzitsi ndi ukalaliki mpaka ku Harare ndi ku migodi. Ngati ndondomeko ya sitima yakufikitsani Loweruka, ndiye kuti Lamulungu muli pomwepo: pitani ku mapemphero, ngakhale muli a mpingo wina, mukamve kuimba.

Nyama za pa Likoma zili m'madzi. Palibe njovu kapena mkango, koma m'miyala ya m'mbali mwa chilumbachi muli mbuna, tinsomba ta mitundu yowala, ndipo nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko. Mitundu ina ya mbuna imapezeka pa miyala ya chilumba chimodzi chokha. Galasi loonera pansi pa madzi ndi lokwanira, simufunika kukhala katswiri. Kumtunda kuli milambe ikuluikulu, ndipo chilumba chonse chimayendeka wapansi kapena pa njinga yamoto. Mukaona ngati utsi ukufuka pakati pa nyanja, si moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka ta pa nyanja. Ogona ali ndi posankha, kuyambira Kaya Mawa ya olemera, Mango Drift ya apakati, mpaka nyumba zogona alendo za pa Mbamba. Chizumulu ndi yabata kwambiri, yoyenera amene ali ndi masiku otsala. Wofuna kuwolokera ku Cobué atenge pasipoti, popeza kumeneko ndi dziko lina.

Nyengo ndiyo imavuta kugwirizanitsa, chifukwa nkhalango ndi nyanja sizifuna mwezi umodzi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira bwino ndipo kuyenda pansi m'nkhalango n'kosatopetsa, koma ndi nthawi ya mwera, mphepo ya kummwera yomwe imautsa mafunde otha kuimitsa maboti masiku angapo. Okutobala ndi Novembala nyama zimaoneka mosavuta chifukwa udzu wapsa ndipo madzi atsala m'mitsinje yokha, koma kutentha kwa kunyanja nthawi imeneyo si kwamasewera. M'dzinja dziko limakongola, mbalame zimachuluka, koma misewu ya m'nkhalango imaterera ndipo M5 imaduka milatho ikakokoloka, monga anaonera anthu a ku Dwangwa pa madzi osefukira a mu 2024. Ine ndingasankhe kumapeto kwa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Okutobala: mwera wayamba kugonja, masamba atsopano a miombo afiira, kutentha sikunafike pachimake.

Nanga mudzikonzere nokha kapena mupatse kampani? Mmalawi wa galimoto yolimba, wolankhula chinenero, akhoza kudzikonzera yekha n'kupulumutsa ndalama zambiri, bola alembetse malo ogona m'nkhalango nthawi ikadalipo. Kampani imathandiza pamene muli ndi alendo akunja, okalamba, kapena masiku ochepa moti cholakwika chimodzi chikhoza kugwetsa zonse. Mukasankha kampani, funsani mafunso atatu musanapereke kobiri: ngati ili ndi chiphaso cha boma, chomwe idzachite sitima ikalephera kubwera, ndi zomwe mtengo wawo ukuphatikiza, makamaka chipata cha nkhalango, mlonda ndi mafuta. Zonse zilembedwe. Thirani mafuta paliponse mwawapeza, popeza kusowa kwake sikulengezedwa, ndipo tengani ndalama m'manja kuwonjezera pa Airtel Money ndi Mpamba, chifukwa netiweki ndi makina a banki sizodalirika m'nkhalango ndi pa chilumba. Pa bajeti yonse ikani padera gawo la tsiku lomwe simunalikonzekere.

Pali chinthu chimodzi chomwe ulendo wanuwanu umakupatsani chomwe wa gulu lalikulu sungakupatseni: ndinu mumasankha komwe ndalama yanu igwere. Mukhoza kudya nsima ya kondowole ndi chambo kapena kampango pa lesitilanti ya mayi wa pa boma, kulipira mwini boti wa ku Chia mtengo woyenera osamunenerera mpaka atsale wopanda phindu, ndi kusiyako kanthu ku thumba lokonzetsera tchalitchi. Musagule nyama ya m'tchire kapena chilichonse cha mnyanga, ndipo musajambule anthu osamba kapena opemphera musanapemphe.

Tikaphatikiza, tsiku limodzi ku Linga, mausiku awiri m'nkhalango, theka la tsiku ku Chia, tsiku la kuwoloka, masiku atatu pa Likoma, kubwerera ndi tsiku lapadera, zikukwana masiku 9 kapena 10. Amene ali ndi masiku anayi okha asakakamize chilumba. Achite Linga, Bua ndi Chia mokwanira, Likoma adzapite chaka china. Amene ali ndi masiku khumi ayambe wafunsa tsiku lomwe sitima ifike, ndipo zina zonse aziyale mozungulira tsiku limenelo.